Ndani Akuuza Adepyute?

Nyuzipepala ya pasukulupo inali ya masamba anayi. Ankaisindikiza pa makina a mu ofesi n'kuimata pa bolodi lalitali la pafupi ndi laibulale. Woyang'anira ntchitoyo anali mtsikana wa fomu folo amene aliyense, ngakhale aphunzitsi, ankangomutchula kuti Mkonzi. Omuthandiza enieni anali awiri: Loya, mtsikana wosagonja pa mkangano, ndi Kamera, mnyamata wofatsa amene ankajambula zithunzi ndi kamera yakale ya bambo ake. Ena onse ankabwera ku kalabuyo tsiku la mvula lokha, pothawa kunyowa.

Kulemba sikunkawavuta. Chinkawavuta ndi kupeza cholemba. Ana asukulu anali atatopa ndi zigoli za mpira ndi ndakatulo zoyamika aphunzitsi, moti ankadutsa pa bolodipo osacheuka n'komwe.

"Tilembe zimene anthu amadandaula pa mzere wa chakudya," anatero Mkonzi tsiku lina ali mu chipinda cha makompyuta, chitseko atatseka. "Nkhani zili m'kamwa mwa anthu, ife tikuzifuna m'mabuku."

Loya anatchula chitseko cha chimbudzi cha atsikana chimene chinaguluka chaka chatha. Atsikana ankapita awiriawiri kuti wina aziima pakhomo atatambasula juzi. Onse anagwirizana nazo. Kamera anakajambula, Loya anayamba kufunsa atsikana. Koma sabata isanathe, anapeza kalipentala akukhoma mahinji atsopano, adepyute ataima pambali makiyi ali m'manja.

Adepyute anali achiwiri kwa ahedi, bambo wachinyamata wokonda malaya oyera. Chilichonse chopita pa makina osindikizira chinkadutsa kaye m'manja mwawo.

"Zangochitika," anatero Mkonzi.

Anasankha nkhani ina, ya mawindo osweka a fomu thu, kumene mvula inkanyowetsa makope a ana okhala kumbuyo. Nawo anaikidwa magalasi nkhani isanafike pa ndime yachiwiri. Ya mpopi wodontha kuseri kwa khitchini inatha chimodzimodzi. Apa Mkonzi anasiya kunena kuti zangochitika.

"Pali wina pakati pathu amene ali ndi pakamwa pawiri," anatero Loya akuyang'ana Kamera. "Dzulo ndinaona munthu akutuluka mu ofesi ya adepyute."

"Kamera imasungidwa kumeneko nthawi ya makalasi," anayankha Kamera. "Ndi lamulo. Ukulidziwa."

"Imasungidwa yokha, kapena ndi nkhani zomwe?"

"Amene akufuna kudzakhala hedigelo si ine."

Mkonzi anawaletsa, koma mawu onse awiri anamukhala mumtima. Kuyambira tsikulo ankaona zinthu zimene kale sankaziona. Loya akapatsa moni adepyute ankamwetulira mopitiriza. Kamera akachedwa mu ofesi muja, Mkonzi ankayang'ana pa windo kuti aone ngati milomo yake ikugwedera. Misonkhano inafupika. Aliyense ankabwera ndi ganizo lake n'kubwerera nalo osalitchula.

Mkonzi ankakhala ndi mkulu wake m'nyumba ya zipinda ziwiri, chifukwa makolo awo anali kutali ndi sukulu. Asisiwo ankagulitsa mu shopu ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo akaweruka ankabwera akununkha penti ndi simenti. Madzulo aliwonse Mkonzi ankasita yunifomu pa tebulo, asisi atakhazika mapazi pa mpando, n'kumacheza za tsikulo. Umu ndi mmene ankakhalira chiyambire fomu wanu.

Mkonzi anaganiza zotchera msampha. Anakokera Loya kuseri kwa holo n'kumunong'oneza kuti mu labu muli paipi ya gasi yotayikira. Kenako anapeza Kamera pa geti n'kumuuza kuti siling'i ya mu laibulale yang'ambika kuseri kwa shelefu ya mapu, ndipo tsiku lina idzagwera munthu. Zonse ziwiri zinali zabodza. Aliyense anamuuza kuti asauze mnzake.

Madzulo ake anasita kolala imodzimodzi mpaka inayamba kununkha.

"Uwotcha malaya," anatero asisi. "Wangoti ndwii bwanji lero? Nyuzi yavuta?"

"Palibe. Tikungofufuza za siling'i ya mu laibulale," anayankha Mkonzi pofuna kuti funsolo lithe, n'kuyamba kukamba za mayeso.

M'mawa wake, nthawi ya buleki, anapeza shelefu ya mapu itasunthidwa. Adepyute anali pa makwerero, akugogoda siling'i ndi chala, fumbi likugwera pa malaya oyera aja. Ku labu sikunapite munthu.

Mkonzi anadikira kuti onse atatu akhale pansi mu chipinda cha makompyuta.

"Za siling'i ndinauza iwe wekha," anatero kwa Kamera. "Ndipo linali bodza. Siling'i ilibe vuto."

Kamera anamuyang'ana. "Ndiye unanditchera."

"Ndipo wakodwa."

"Ukati unauza ine ndekha, ndiye kuti odziwa tinalipo awiri. Bwanji ukuwerenga mmodzi?"

"Ndidziulule ndekha? Nyuzipepala yanga yomwe?"

Loya anaseka mwachipongwe. Kamera anaimirira. Anakulunga lamba wa kamera pa dzanja, anabweza mpando pamalo pake bwinobwino, n'kutuluka. Pofika Lachisanu sukulu yonse inali itamva, ndipo anyamata a m'kalasi mwake anasiya kumutchula Kamera. Ankati Kazitape. Akalowa m'kalasi, ena ankagwirana pakamwa mwadala.

Atatsala awiri, Mkonzi ndi Loya anapeza ganizo lina akuyenda pakati pa bwalo la mpira, pamene panalibe khoma loti munthu n'kubisala. Bokosi la mankhwala la mu chipinda cha odwala linali lopanda kanthu, ngakhale bandeji. Anagwirizana kuti asalembe paliponse mpaka atafunsa ana amene anavulalapo. Lolemba lotsatira bokosilo linali lodzaza, thonje ndi mabandeji zili m'mapepala ake.

Mkonzi anatseka bokosilo. Anayang'ana Loya, n'kupeza kuti Loya akumuyang'ana kale.

"Usandiyang'ane choncho," anatero Loya. "Ya gasi ija sinatuluke. Zimene zimatuluka ndi zimene iwe ukuzidziwa. Mwina Kamera ananena zoona."

Tsiku lomwelo Mkonzi anafika pakhomo n'kupeza kuti kiyi anaiwala m'thumba la siketi ina. Anatsika ndi msewu kupita ku shopu ya asisi, kumene sankapitako kawirikawiri. Analowa pakati pa milu ya mapaipi ndi mawilibala oimikidwa. Pa kauntala panalibe munthu, koma kuseri kwa shelefu ya misomali kunkamveka kuseka.

"Siling'i ija munandikweza makwerero pachabe," anatero mawu aamuna. "Ndinatsika ngati ndagwa m'thumba la ufa."

Mkonzi anasuzumira. Adepyute anali atakhala pa chitini cha penti, tayi atamasula, akumwa tiyi mu kapu yamaluwa ya asisi, imene kunyumba Mkonzi sankaloledwa ngakhale kuitsuka. Asisi anali akuwachotsa kaulusi pa phewa. Atatembenuka n'kuona mng'ono wawo, dzanja linauma m'malere.

"Kiyi," anatero Mkonzi.

Adepyute anaimirira, tiyi n'kutayikira pa nsapato. Asisi anapereka kiyi.

Kunyumba Mkonzi sanasite. Anakhala pa tebulo ndi yunifomu yake mpaka asisi analowa.

"Ndimafuna ndikuuze tikauza kaye makolo," anayamba asisi.

"Za chibwenzi chanu ndi zanu. Ine ndikufunsa za nkhani zanga."

"Iwe, ndinkangocheza nawo. Ukandiuza kuti atsikana akutchingirana ndi juzi, ine ndikhale chete pamene wokonza ndikumudziwa? Chitseko sichinakonzedwe? Ana a fomu thu akunyowabe?"

"Munkandifunsa dala."

Asisi anavula nsapato pang'onopang'ono. "Poyamba ayi. Kenako iwo ankandifunsa kuti ana aja akonza zotani mwezi uno. Ankaopa kuti ahedi akaona pa bolodi, mlandu ukhala wawo."

"Munthu akutchedwa kazitape kusukulu chifukwa cha inu."

"Pamenepo ndiye ayi," anatero asisi motsitsa mawu. "Ine ndinalakwa kutenga za pa tebulo pano n'kupita nazo kwina. Koma mwana wa eni ake sindinamuloze chala ndine."

Mkonzi anadzuka pa tebulo. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Loweruka anapita ku situdiyo ya bambo ake a Kamera, kachipinda kopapatiza ka pafupi ndi siteji ya basi, kokhala ndi nsalu yabuluu kukhoma. Kamera anali akudula tizithunzi ta ziphaso ndi lumo. Mkonzi anafotokoza zonse ataimirira, kuyambira pa kusita mpaka pa chitini cha penti. Kamera sanasiye kudula.

"Pepani," anamaliza Mkonzi.

"Wayamba kundipatsa ulemu lero?"

"Pepa."

"Unandinena pamaso pa Loya, ndipo Loya anauza sukulu yonse. Kupepesa ukupepesera muno, mboni yake nsalu iyi."

"Ndikanena pa asembule."

"Ukanene. Koma dzina lija silichoka. Mayina oipa amamata." Anaika lumo pansi, n'kutsegula kompyuta ya bambo ake. "Bwera uone."

Zithunzi zonse zinalipo: chimbudzi chopanda chitseko, mawindo osweka ndi makope onyowa atayanikidwa pa desiki, chithaphwi cha kuseri kwa khitchini. Pambali pa chilichonse panali china, chojambulidwa zitakonzedwa.

"Inu munkalira kuti nkhani zathawa," anatero Kamera. "Chitseko chinakhala chaka chathunthu, n'kukonzedwa tsiku limodzi atamva kuti tilemba. Nkhani ndi imeneyo. Ndinkafuna kukuuzani tsiku lomwe unandinena lija."

Lolemba pa asembule Mkonzi anapempha mpata, nanena kuti anamunamizira Kamera ndipo nkhani zinkatuluka kudzera mwa iye mwini, polankhula kunyumba. Sanatchule asisi ake. Ana ena anaseka, ena anaimba mluzu. Adepyute ankayang'ana makiyi awo.

Loya analemba nkhaniyo, Mkonzi anaikonza, ndipo anapita nayo yekha ku ofesi kuti isindikizidwe. Adepyute anaiwerenga mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Anatenga cholembera chofiira, anachigwira kanthawi, n'kuchibweza.

"Mlamu, simungachotseko chithunzi cha chimbudzichi?" anafunsa chapansipansi.

"Kunyumba simunabwere kudzaonekera, aphunzitsi. Panopa ndine Mkonzi."

Adepyute anapumira m'mwamba, nayatsa makina.

Lachisanu pa bolodi panali khamu moti aphunzitsi a laibulale anatuluka kudzathamangitsa ana. Ahedi anaitanitsa adepyute, ndipo chitseko cha ofesi chinakhala chotseka mpaka belu la nkhomaliro. Sabata yotsatira ana anayamba kubwera okha ku chipinda cha makompyuta, wina ndi nkhani ya mipando yothyoka, wina ya basi yochedwa, wina kungofuna kuneneza mnzake. Zolemba zinachuluka kuposa masamba.

Kunyumba, Mkonzi ndi asisi ake ankalankhulana za malasha, sopo ndi moni wochokera kwa makolo. Adepyute anadzabwera ndithu mwezi wotsatira, atavala jekete, ndipo Mkonzi anawapatsa madzi osamba m'manja mwaulemu wonse.

Kamera anabwerera ku kalabu. Ankafika pa nthawi, n'kupereka zithunzi, n'kutsutsa mitu ya nkhani imene sanaikonde. Anyamata ena anapitirizabe kumutchula Kazitape mpaka mayeso. Kale akaweruka ankayenda ndi Mkonzi mpaka pa siteji ya basi, koma teremu yonseyo ankatsalira m'mbuyo, ati akupukuta galasi la kamera, mpaka Mkonzi atatuluka pa geti.