Maluwa Amene Bambo Anatumiza

Bambo anga, a Haji Abdel-Sattar, sawerenga zolembedwa pafoni, maso anatha kalekale. Koma akangochoka kumzikiti m'mamawa, chithunzi chilichonse cha maluwa chimene chawafika amachitumiza kwa onse: abale, anzawo, ngakhale wogulitsa gasi. Kwathu ku Mansoura kusapereka moni wotere ndi mwano.

Tsiku lina pansi pa maluwawo panali mawu akuti mlatho wa m'dera lathu wang'aluka ndipo akuluakulu akubisa. Pofika masana anthu anali atasiya kuwolokapo. Mawa lake kunabwera amuna awiri a boma, aulemu woopsa. Anatenga foni, n'kuuza bambo kuti akaonekere kupolisi Lamlungu, lomwe kwathu ndi tsiku la ntchito, pamlandu wofalitsa nkhani zabodza.

Ndinapita nawo kwa loya, a Ustaza Nermin, mtima uli m'mwamba.

"Mwana wanga, ine ndinatumiza maluwa," anatero bambo.

"Kwa inu ndi maluwa, a Haji. Kwa makina ndi manambala basi. Sadziwa duwa, sadziwa bodza, amangosunga kuti chachoka kwa uje, chapita kwa uje. Koma kwa lamulo, chimene chala chanu chatumiza ndiye kuti pakamwa panu panena."

"Ha! Chala chinayamba liti kulankhula?"

Palibe anaseka.

"Njira ilipo," anatero loyayo. "Mukanene kuti simunawerenge. Kungoti adzafunsa amene anakutumizirani."

Bambo anazolika. Ine ndinadziwa chifukwa chake. Maluwa a tsikulo anachokera kwa Hossam, mlongo wanga, chitsiriza m'nyumba mwathu, amene ukwati wake ndi mwezi wamawa. Iye amadutsa pamlathopo ndi tukutuku yake, njinga yamoto ya mateyala atatu yonyamula anthu, ndipo mng'aluwo akuti anauona ndi maso ake.

"Ndinalemba ndekha," anatero bambo.

"A Haji, imeneyo ndi ndende."

"Ndati ndinalemba ndekha, Ustaza. Kodi inunso makutu anatha?"

Kulemba okha, munthu amene amandikuwira kukhitchini kuti ndiwapezere nambala ya m'bale wawo!

Lamlungu anavala mkanjo wawo woyera. Potsika masitepe ankabwereza bodza lawolo chapansipansi ngati mwana wa kumadrasa. Ndinali ndi mantha osaneneka. Ndinawakokera pambali a Ustaza, amene anabwera kudzatiperekeza.

"Kodi foni ija imakumbukira kumene chithunzi chinachokera?"

Anangondifinya dzanja.

Bambo anatha kunama kuti apulumutse mwana wawo. Koma foni ili kale m'manja mwa anthu aja, ndipo iyo ilibe mwana.