Kadontho Kofiira pa Kamota ka Dona

"Kafa aka, bambo," anatero mkamwini, akupukuta manja pa ovolosi. "Kamota aka ndi kamene kamatsegula ndi kutseka tizitseko ta mpweya wolowa mu injini. Popanda iko, Dona azingotsokomola chonchi."

Dona inali galimoto ya a Tayi, yaitali, yakuda, ya mabwana akale, mipando yake yachikopa itang'ambika ngati zidendene. Dzina loti a Tayi analipeza chifukwa chosavula tayi ngakhale atapuma ntchito. Anali atalonjeza kuti Loweruka adzayendetsa okha galimotoyo popereka mwana wawo wamkazi ku ukwati. Mkwati anali makaniko yemweyu.

"Katsopano musafunse n'komwe, mungakomoke," anapitiriza mkamwini. "Koma kuseri kwa msika kuli mnzanga amaphwasula magalimoto. Akuchitirani chifundo."

Chifundocho chinadya makina osokera a malemu akazi awo. M'mawa mwake anabwera munthu ndi wilibala kudzawatenga. A Tayi anayang'ana kumbali mpaka geti litatsekeka.

"Mwachita mwayi, madala," anatero wophwasula magalimoto uja, akuwapatsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala. "Kanatsala kamodzi komweka. Magalimoto ngati yanu onse anatsikira kuli chete, pamodzi ndi eni ake. Inu mukudikira chiyani?"

Anaseka yekha. A Tayi analipira.

Anakamasula nyuzipepalayo ali pa benchi podikirira basi. Kamotako kanali kotsukidwa ndi petulo, kakuwala. Atakatembenuza anaona kadontho kofiira pafupi ndi bowo la bawuti. Anakakanda ndi chala, osachoka. Akazi awo sankakhulupirira makaniko aliyense. Dona asanapite ku galaja, ankatsegula boneti n'kudontheza utoto wa m'zikhadabo pa chilichonse chomasulika, iwo ataima pambali akuwaseka.

Anapita nako ku galaja. Mkamwini anamanga kamotako akuimba mluzu, n'kuliza injini. Dona analira mosalala.

"Mwamva, bambo? Wabwerera ku utsikana!"

"Zikomo," anatero a Tayi.

Kunyumba anapeza mwana wawo ataima pagalasi, atavala diresi yaukwati, mapini ali pakamwa. A Tayi anaima pakhomo.

"Mwanangu, munthu ukukwatiwa nayeyu wandigulitsa kamota kanga komwe. Sikanafe."

Mtsikanayo anachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi.

"Ndikudziwa. Anangomasula waya."

"Ukudziwa?"

"Mukuganiza kuti diresi iyi yagwa kumwamba?" Sanatembenuke. Ankawayang'ana kudzera m'galasi. "Ndinakupemphani chogwada kuti tigulitse makinawo. Munati chiyani? Munati pali manja a amayi ako, sagulitsidwa. Ndinalira, inu n'kumawerenga nyuzipepala. Koma Dona atangotsokomola kamodzi, manja a amayi anakwera wilibala m'mawa mwake."

"Ndimafuna ndidzakuyendetse iwe."

"Mumafuna anthu adzaone Dona. Ine ndikanapita ngakhale wapansi." Anakweza tsitsi lake m'mwamba. "Tandikokerani zipi, bambo. Sindikufikira."

A Tayi anayang'ana msana wa mwanayo. Unali ndi kachipsera kaja ka tsiku limene anagwa pa njinga, iwo akuthamanga m'mbuyo mwake. Anakoka zipi mpaka m'khosi.

Loweruka Dona sanatsokomole njira yonse. Atafika, a Tayi anatsika, n'kutsegulira mkwatibwi chitseko ngati dalaivala wolembedwa ntchito. Anthu anaombera m'manja galimotoyo. Ena anajambulitsa atatsamira boneti.

Nthawi ya mphatso itakwana, a Tayi anaika makiyi a Dona patebulo, pakati pa mapoto ndi mabulangete. Mkamwini anadzuka manja ali tambalale kuti awakumbatire, koma iwo anali atafika kale pakhomo.

Anabwerera kwawo wapansi. M'chipinda chochezera, pakona pomwe pankakhala makina, panatsala timabowo tinayi pakapeti. Anavula tayi, anakoka mpando, n'kukhala moyang'anizana nato.