Msomali wa Che Sefu

Lolemba m'mawa pulogalamu yowerengera zomangamanga inapempha kuti iikidwe zatsopano, ndipo Zena, injiniya wa kakampani kena pa Mangochi, anadina batani osaganiza kawiri. Nthawi zonse ikatero imangosintha mtundu wa zilembo. Koma atatsegula mapulani a doko la maboti la ku Makanjira, anapeza kuti mizati imene Lachisanu inali ya mamita sikisi, tsopano ikufunika ya mamita 480.

Anazimitsa kompyuta, nayatsanso. 480. Anaipumitsa kuti izizire, poti kutentha kwa Mangochi kumapengetsa ndi mbuzi zomwe. Inadzuka ndi 480 yemweyo, n'kumuthokoza chifukwa chosankha pulogalamuyo.

A Jonathan, eni kampani, anali munthu wokhulupirira chilichonse choyendera magetsi.

"Kompyuta sinama," anatero. "Nyanja ndi yakuya pamenepo. Che Sefu akhala akutipusitsa."

Che Sefu anali woyeza malo, mkulu amene anaphunzitsa Zena kugwira tepi asanadziwe ndi mbewa ya kompyuta yomwe.

"Koma bwana, pamalopo ana amasambapo, madzi kulekeza m'chiuno," anatero Zena.

"Ana a ku Makanjira mukuwadziwa kutalika kwake inu?"

Tsiku lomwelo bwana anaimbira wogulitsa mitengo ku Namwera kufunsa bulugamu wa mamita 480, ndipo munthuyo, posafuna kutaya kasitomala, anati afufuza. Kenako analembera Che Sefu kalata yoti ntchito yatha, atenge zawo zonse. Mkuluyo anangoti "Alhamdulillah," n'kukakwera lole yakwawo ku Makanjira. Zena mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa batani anadina ndi iye.

Masiku atatu anakumba m'pulogalamumo ngati nkhuku pa dzala. Eni ake atawalembera anayankha kuti adikire zatsopano zina. Lachinayi masana Zena anakapeza kabokosi kakang'ono kochongedwa kale. Pulogalamu yakale inkayamba kuwerenga pa ziro, malo oyambira kuyeza kutalika, amene woyeza malo waipatsa. Yatsopanoyi, mwa nzeru zayekha, inkayambira pa nyanja yamchere ya ku Mozambiki, imene ili mamita 474 kunsi kwa nyanja yathu. Inkafuna kuti mizati ikaponde kumeneko.

Zena anachotsa chongacho mwachimwemwe. Pulogalamu inamuuza mwaulemu kuti ziro wakale inafufuta, akayezenso. Ndipo ziro wa Che Sefu sanali m'buku ayi, unali msomali umene anakhoma pa mlambe wa m'mbali mwa nyanja zaka makumi atatu zapitazo.

Lachisanu Zena ndi bwana anafika ku Makanjira ali mbuu ndi fumbi. Mlambe unalipo, msomali panalibe. Panali mabowo mazanamazana, a misomali yokhomera zikalata za mpira, za maukwati ndi za mbuzi zosowa. Anapeza Che Sefu ali pakhonde, akusoka ukonde wa mlamu wawo.

"Msomali uja uli kuti, Che Sefu?" anafunsa bwana.

Mkuluyo anautulutsa m'thumba la mkanjo, wadzimbiri, wopindika pang'ono. "Munati nditenge zanga zonse."

"Chabwino, tisonyezeni bowo lake."

"Kafunseni yosanama ija."

Foni ya bwana inalira. Anali wa ku Namwera, akuti wapeza bulugamu wa mamita makumi awiri, ndipo akausiya ukula. Palibe anaseka.

Zena anagwada pafumbi pomwepo. "Baba, munalibe cholakwa. Wolakwa ndine, ndinavomera chinthu ndisanachiwerenge, inu n'kufera za eni. Ndikhululukireni."

Che Sefu anamuyang'ana, kenako anayang'ana bwana. A Jonathan anavula chipewa, nanena motsitsa kuti kalata ija iiwalike. Apo mkuluyo anadzuka, onse n'kumutsata mpaka pa mlambe. Sanafufuze. Anakweza dzanja pamwamba pa mutu wake, chala n'kugwera pa kabowo kofanana ndi ena onse.

"Pamene ndinkakhoma panali paphewa panga," anatero. "Mtengo sunakule ayi, ndine ndatsika."

Anaika msomali m'dzanja la Zena, nafumbatitsa zala zake.

"Ukhome ndiwe, mwanangu. Ndipo upayang'anitsitse. Chaka chamawa dzanja langa silidzafikapo."