Khadi la Mongia

Dzanja lamanja la Lotfi linayamba kuchita dzanzi nyengo ya maukwati ili pakati. Iye anali woimba udi, chida cha nsambo chonga gitala, mumzinda wa Sfax. Masiku atatu pa sabata ankaphunzitsa pasukulu ina yoimba yomwe si yaboma, Loweruka n'kumaimba m'maukwati. Paukwati wina kanthenga kokandira nsambo kanamupulumuka kawiri nyimbo ili mkati, mayi a mkwatibwi akuona.

Dokotala anati mtsempha wapanikizika pamfundo ya dzanja, pafunika opaleshoni, ndipo asazengereze. Lotfi sanade nkhawa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi sukulu inkamudula kangachepe pa malipiro ake, iye n'kumati zimenezo zikupita ku inshuwalansi ya boma ya chipatala ndi penshoni.

Ku ofesi ya inshuwalansi anatenga nambala n'kukhala pabenchi. Anaimirira, anatuluka, anabwereranso, akufinya zala zosamvazo. Nthawi yake itakwana, mayi wa pazenera anafufuza pakompyuta n'kupukusa mutu.

"Bambo, pamndandanda wa osonkha dzina lanu palibe."

Lotfi anayala mapepala ake onse a malipiro. Mayiyo anangoona limodzi n'kumuuza kuti chimene ankadulacho ndi msonkho basi. Sukulu inamulemba ngati waganyu wodziimira payekha, ndipo munthu wotere amalembetsa yekha inshuwalansi n'kumasonkha yekha miyezi itatu iliyonse.

Lotfi anapita kusukulu wapansi, osadikira basi. Mkulu wa sukuluyo, a Naoufel, anamupatsa khofi n'kumuonetsa pangano la ntchito lomwe Lotfi anasaina yekha osaliwerenga. Anati n'zomvetsa chisoni, komabe iwo sanaphwanye lamulo. Lotfi anasiya khofiyo osamwa. Analowa mumsika wakale, kutulukira chipata china, kulowanso. Anakhala pamalo omwera tiyi, koma tiyi asanabwere anali atanyamuka kale.

Anafika kunyumba masana, napeza mkazi wake Mongia akuwotcha tsabola. Mongia ankagwira ntchito kufakitale yolongedza nsomba m'zitini, ndipo tsikulo anali ataweruka msanga. Lotfi anafotokoza zonse akuzungulirazungulira m'khitchini. Mongia anamvetsera, anapukuta manja, n'kukatenga khadi lake la chipatala m'chikwama. Pansi pa dzina lake panali la mwana wawo Sondes, pansi pakenso la Lotfi.

Mongia anamuuza kuti anamulembetsa pakhadipo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Nthawi imeneyo anamufunsa kangapo nambala yake ya inshuwalansi, iye n'kumangoti zonse zili bwino, akazi asalowerere za mapepala. Mongia anakayikira, anapita yekha ku ofesi, ndipo anamuika pakhadi lake. Lotfi anafunsa kuti a ku ofesiwo anavomera bwanji, poti mwamuna amalowa pakhadi la mkazi pokhapokha ngati alibe chochita.

"Ndinalemba kuti simuli pantchito," anatero Mongia.

"Ine wopanda ntchito? Theka la Sfax linakwatirana ine ndikuimba."

"Ndiye pitani theka la Sfax likakulipirireni opaleshoni, bambo a Sondes. Sunthani, tsabola wanga akupserera."

Masiku awiri Lotfi sanamulankhule. Ankadzuka, kuvala jekete, kupita kudoko kukaona mabwato, kubwerera, kutulukanso. Chinkamuwawa n'chakuti kwa zaka zonsezi, m'makompyuta a boma, iye anali lova wodyetsedwa ndi mkazi wonunkha nsomba, ndipo mkaziyo ankadziwa, osanena. Ankaopanso kuti a msonkho ndi a inshuwalansi akadzayerekeza mabuku awo, amene adzavutike ndi Mongia. Koma dzanzi linali litafika pachigongono. Tsiku lachitatu anatenga khadilo patebulo pomwe Mongia analisiya, n'kupita nalo kuchipatala.

Opaleshoni inayenda bwino. Dokotala anamuuza kuti asakhudze udi kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo m'nyumba simunkakhalika. Sabata yachiwiri, dzanja lili m'bandeji, anabwerera ku ofesi ija kukalembetsa ngati woimba wodziimira payekha. Mayi wa pazenera anamuchenjeza kuti akatero achotsedwa pakhadi la mkazi wake, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zija siziwerengedwa pa penshoni. Ayambira pomwepo, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri.

Lotfi anapempha cholembera. Anasaina ndi dzanja lamanzere, zilembo zake zokhotakhota ngati za mwana wa sukulu ya mkaka, moti mayiyo anamupatsa fomu ina kuti ayambirenso.