Chitini Chobiriwira cha Bambo

Amayi ankasita malaya oyera a bambo pamene azakhali a Eulalie anaika dzanja pa chitini chobiriwira cha bambo.

"Chotsani dzanja, alamu," anatero amayi osadzutsa mutu.

Linali Lachinayi masana, tsiku lachitatu chimwalirireni bambo. Mtima wawo unaima ali pa boti, pa nyanja ya Calcasieu, akukoka miono ya nkhanu limodzi ndi akulu awo, a Ulysse. Maliro anali mawa lake. Ine ndinali pa sinki kutsuka mbale zotsukatsuka kale, chifukwa ndi pokhapo pomwe ndikanapatsa anthu msana popanda wondifunsa.

Chitinicho chinali chachitali, chosungiramo masipanala kale. Munali timakadi topitirira zikwi ziwiri, ntchito ya bambo ya zaka makumi awiri ndi zisanu. Kakadi kalikonse kanali ndi liwu limodzi la chilankhulo chathu, ife Aishak, chomwe mabuku amachitcha Atakapa. Kutsogolo ankakoperako liwu kuchokera m'buku lina lakale, la mawu omwe mzungu wina anadzalemba mumzinda wa Lake Charles agogo a agogo athu ali moyo. Kumbuyo ankalembako mmene iwo akuganizira kuti linkamvekera: apa ukoke mawu, apa udule msanga, apa lilime ligunde kuseri kwa mano. Zonse ndi pensulo. Palibe wamoyo amene anachimvapo chikulankhulidwa ndi eni ake, ndiye bambo ankati munthu wongoganizira sayenera kugwira bolopeni.

Amayi anali atanena m'mawa kuti chitinicho chilowa m'bokosi limodzi ndi mwini wake.

Azakhali anayamba ndi kunyengerera. Anakumbutsa amayi za ana asanu ndi anayi omwe amawaphunzitsa chilankhulocho Loweruka lililonse ku holo. Anati bukulo aliyense atha kulipeza, koma za kumbuyo kwa timakadizo kulibe kwina komwe zinalembedwa. Anapempha maola awiri okha, ajambule ndi foni. Amayi anangotembenuza malaya n'kuyamba kolala.

Bambo aakulu a Ulysse anali atatsamira pakhomo, akudya soseji ya mpunga yomwe aneba anabweretsa.

"Musiyeni apite nazo, Eulalie. Kumeneko akawapeza eni ake, akamuuza ngati ankakhoza. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikumva munthu akutsamwa pa boti, n'kumandiuza kuti ndi galamala."

"Achimwene, mng'ono wanu sanaikidwe n'komwe."

"Ndikunama? Chilankhulo chopanda m'bale ndi mmodzi yemwe. Aprofesa anachiperekeza kwa a mtundu wa Chitimacha, anachiperekeza kwa a mtundu wa Tunica, umboni wa chibale osaoneka. Ife ndiye tiziti ndife amalume ake?"

Palibe anaseka. Maso a bambo aakuluwo anali ofiira kuposa a tonsefe. Ndi iwo amene anabwera ndi bambo kumtunda, atawagoneka pakati pa madengu a nkhanu.

Azakhali anafunsa amayi mwachindunji ngati Clovis, bambo anga, ananenadi ndi pakamwa pake kuti ntchito yake ikwiriridwe. Amayi anaimika nsimbi.

"Ananena, m'mwezi wa Malichi. Anati popeza wochifuna m'nyumba muno palibe, apite nacho kumanda. Anandilumbiritsa. Chomwe chinamunenetsa ndikuchidziwa, koma si ine woyenera kuchitchula."

Sindinatembenuke. Ndinamva maso awo pamsana panga ngati nsimbi ija.

Zinali chonchi. Tsiku lina la Malichi bambo anabwera kudzanditenga kusukulu, akununkha nyambo. Anatsitsa galasi la galimoto n'kundipatsa moni m'chilankhulocho, mokweza, anzanga onse ali pageti. Mnyamata wina anafunsa ngati ndife aja odya anthu, monga dzina lija la m'mabuku, Atakapa, limatinenera, ndipo onse anagwa nako kuseka. Titapita patsogolo ndinati, "Bambo, chilankhulo chanu chakufachi mudzapite nacho kumanda. Ine sindichifuna." Anangotsegula wailesi. Kuyambira tsiku limenelo ankandipatsa moni m'Chingelezi, mwaulemu, ngati ndine mwana wa eni.

Kupepesa kunandikanika. Ine ndi bambo tinali amodzi pa zimenezo. Iwo ankakonda kunena kuti chilankhulo chathu chimasunga mneni mpaka kumapeto kwa chiganizo, ngati munthu wamanyazi amene amayamba wazungulira kaye asananene chomwe wabwerera.

Chomwe ndinachita ndi kuba. Patatha sabata ziwiri, bambo akusamba, ndinatsegula chitinicho n'kusolola kakadi koyamba kenikeni, kakutsogolo, poopa kuti kufufuza kuchita phokoso. Kanali ka *tanuk*, chimodzi. Ulendo wotsatira ndinapeza *tsik*, ziwiri, kenako *lat*, zitatu. Mawu atatuwo ndinkawadziwa kale, chifukwa bambo sankanyamula chinthu cholemera asanawerenge choncho. Ndinapitiriza, kawiri kapena katatu pa sabata. Ndinkabisa timakadito m'buku la masamu, n'kumayeserera m'chimbudzi cha kusukulu nditatsegula mpopi. Ndinkafuna ndifike poti ndinene chiganizo chathunthu, chopanda cholakwa, ndiye ndidzawauze. Pamene amamwalira ndinali ndi timakadi makumi anayi ndi kamodzi, chiganizo ndilibe.

Lachisanu m'mawa tinali ku nyumba yokonzera maliro. Bambo anagona m'malaya oyera aja, manja awo okhakhala atawapiringiza kolona. Amayi anakhala pa mpando wakutsogolo, chitini chili pamiyendo. Kolona itatha kupempheredwa anthu anayamba kutuluka, kukadikira ku tchalitchi. Tinatsala anayi. Mwini malowo anabwera n'kunong'oneza amayi kuti kwatsala mphindi zisanu kuti atseke.

Amayi anaimirira ndi chitini chija. Azakhali anawagwira mkono n'kunena motsitsa kuti akatero, iwo sadzapondanso pakhomo pathu. Amayi anati khomolo silinayambe lawaitanapo. Anakweza chitinicho n'kuyamba kuchifunira malo kumapazi kwa bambo.

Thumba langa linakana kutseguka. Nditalikoka mwamphamvu timakadi tonse tinamwazika pa kapeti.

"Ndine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinabwereza. "Ndine ndinawauza kuti apite nacho kumanda. Ndipo ndakhala ndikuwabera. Amayi, musachiike."

Azakhali anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Bambo aakulu anatsitsa mutu. Amayi sanatsitse chitini, koma sanachisiyenso.

"Noelie, ukudziwa kuti tsiku lija anakhala m'galimoto panja mpaka msuzi wa gambo kuzizira patebulo? Zaka makumi awiri ndakhala nawo, sindinawaonepo choncho. Lero ndiye ukuchifuna, poti sangakumve?"

Ndinagwada n'kuyamba kutola. Azakhali anagwada nane, akupumira m'mwamba, ndipo mwachizolowezi cha mphunzitsi ankawerenga kalikonse asanandipatse. Atatola tingapo anasiya. Anandifunsa kuti ndinkasankha bwanji. Ndinati sindinkasankha, ndinkangotenga kakutsogolo.

"Sizingatheke," anatero. "Clovis ankasanja motsata zilembo. Ukasuntha kamodzi ankakusunga kukhosi mwezi wathunthu. Apa pali manambala, pali madzi, dzuwa, nyumba, mayi. Awa ndi mawu oyambira mwana. Alamu, tatsegulani."

Mwini malo uja anasuzumira pakhomo. Bambo aakulu anamukwezera dzanja, iye n'kubwerera.

Amayi anakhazika chitinicho m'mphepete mwa bokosi n'kuchitsegula. Timakadi tinali m'mizere yake, chilembo ndi chilembo, monga mwa masiku onse. Koma kutsogolo kwenikweni, chilembo choyamba chisanayambe, panaima timakadi titatu patokha, tochokera pakati. Pambuyo pake panali mpukutu wina womanga ndi kamphira, wodikira nthawi yake. Amayi anasolola koyambako n'kukatembenuza. Zolemba za bambo zinali zazikulu kuposa masiku onse. Anawerenga chamumtima, kenako anandipatsa.

Pansi pa malangizo a lilime ndi mpweya panalembedwa kuti: *Osathamanga. Ili ndi lovuta, ine linanditengera chaka. Ngati likumveka bwino mwanjira ina, fufuta zangazi.*

Dzina langa panalibe. Sakanalilemba.

Amayi anakhala pansi. Kwa nthawi ndithu ankangoyang'ana nkhope ya bambo, ndipo sindinadziwe ngati alira kapena awakalipira.

"Anthu awiri nyumba imodzi," anatero potsiriza, "kumapatsirana timapepala ngati akaidi. Ine n'kumasenza lumbiro lomwe mwini wake analitaya kalekale, osandiuza."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Pa chivindikiro cha chitinicho bambo anamangirirapo pensulo yaifupi ndi chofufutira, chilichonse pa chingwe chake cha usodzi. Amayi anadula chingwe cha pensulo ndi mano, n'kuilowetsa m'thumba la malaya oyera aja. Chofufutiracho anachisiya. Anatseka chitini n'kundisenzetsa m'manja. Chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira.

"Loweruka uzipita ndi azakhali ako ku holo," anatero. "Ukaphonya limodzi, ndikachikwirira ndekha."

Azakhali anafuna kunena kanthu, koma amayi anali atayamba kale kuwongola kolala ya bambo.

Bokosi linatsekedwa. Analikankha pa kangolo mpaka pakhomo, pomwe panali masitepe atatu otsikira ku galimoto. Amuna asanu ndi mmodzi anagwira zogwirira, onse a m'maboti, onse oti anagwirapo ntchito ndi bambo. Bambo aakulu a Ulysse anali kutsogolo, kumanzere. Anayang'ana anzawo, n'kupinda mawondo.

"*Tanuk*," anatero. "*Tsik*."

Pamenepo anadzimva okha. Anaima kukamwa kuli yasa, makutu akufiira. Amuna asanu aja anali atawerama kale, akudikira, palibe amene anadabwa. Bambo aakulu anagwiritsitsa chogwirira. Liwu lotsalalo analikoka pang'ono pakati, monga mmene kumbuyo kwa kakadi kanga kachitatu kunanenera.

"*Lat*."

Ananyamula.