Kathumba ka Foni ya Atelala

"Nambala yotsekulira ndi chiyani, Wakoleji?" anafunsa msuweni osatukula maso. Foni ya malemu anali ataigwira kale ngati yake.

Mtsikanayo anaitchula. Chinali chaka chimene iye mwini anabadwa.

"Anadziikira yekha ameneyo," anatero azakhali, akupinda mathalauza a achimwene awo n'kumawaponya m'thumba.

Panali patatha masiku atatu chiwaikire atelala m'manda. Makina osokera anali atamangidwa kale ndi chingwe pafupi ndi chitseko, ulusi wabuluu ukadali pasingano. Atelala sanali bambo ake omubereka mtsikanayo. Anakwatira amayi ake iye akuphunzira kumene kuyenda, ndipo amayiwo atamwalira anamusungabe, n'kumusokera yunifomu iliyonse mpaka anafika kukoleji.

"Zonse tengani, azakhali. Ine ndikungopempha foni ya bamboyo. Ndinawagulira ndine."

"Bambo, bambo, bambo ake ati? Zoti mwana wa mnzako ngwako yemwe zimatha munthu akatseka maso. Suja unandidandaulira wekha kuti chaka chonse sanakuyankhepo uthenga ngakhale umodzi? Anali atatopa nawe, kungoti anali munthu wamanyazi."

Mtsikanayo anayang'ana pansi, chifukwa zinali zoona. Atelala sankatha kuwerenga bwino, choncho tsiku lobwerera kusukulu anawaphunzitsa mothamanga kutumiza uthenga wa mawu. Anawajambulira kachithunzi ka maikolofoni pakapepala. "Mukaona aka, dinani, lankhulani, basi zandipeza." Iye ankatumiza ake sabata iliyonse, koma yankho silinabwerepo. Akaimba, atelala sankachedwa poopa kumuthera mayunitsi. "Zambiri ndanena kale," ankatero, n'kudula. Mawu amenewo anamupweteka, ndipo pa holide yomaliza sanabwere kunyumba.

Msuweni, amene ntchito yake inali yogula ndi kugulitsa mafoni akale, anayamba kuseka.

"Amayi, tabwerani mudzaone. Foni yadzaza tho! Amalume anatsegula wailesi yawoyawo muno. Mawu ojambula handiredi ndi fote!"

Anadina amodzi. Munamveka kutsokomola, mpando kukhwekhwereza, kenaka mawu aja, odekha ngati munthu amene wagwira mapini pakamwa.

"Mwana wanga, ndine. Ndadina paja unajambula. Lero ndasoka madiresi awiri, singano yathyoka. Za mayeso zija ndamva, usalire. Amene sanalakwitsepo kudula nsalu ndi amene sanagwirepo sizasi. Ukabwera..."

Msuweni anaimitsa, misozi ya phwete ili m'maso.

"Mukudziwa zimene ankachita madalawa? Sankalowa kumauthenga ayi. Ankadina kojambulira mawu aka, kali panja pomwepa. Chithunzi n'chofanana. Chaka chathunthu kulankhula ndi foni, osatumiza kwa munthu! Wakoleji, mphunzitsi wake ndiwe? Sukulu yonseyi?"

Mtsikanayo anagwada pasimenti osadziwa kuti wagwada.

"Achimwene, chonde. Ndipatseni ola limodzi lokha, ndisamutsire mufoni yanga. Kenaka mugulitse, sindilankhula kanthu."

"Wogula akundidikira pamsewu."

"Theka la ola. Kapena amene mwaimitsawo, angomaliza. Akuti ndikabwera chiyani?"

Msuweni anayang'ana amayi ake. Azakhali anali atasiya kupinda. Iwo sanaseke nawo. Maso awo anapita pamakina aja, anakwera kudenga la malata atsopano, n'kubwerera pafoni.

"Munthu wodwala amalankhula zambiri," anatero pang'onopang'ono. "Mawa tidzamva kuti mmenemo anagawiramo anthu makina, mwinanso nyumba. Fufuta."

"Sindikufuna makina, azakhali! Ndilumbire?"

"Amene safuna kanthu sagwada. Fufuta, iwe."

Foni inafunsa ngati akutsimikiza. Msuweni anadina ndi chala chachikulu, chala china chikukanda khutu. Sizinatenge nthawi. Kamzere kanayenda kuchoka uku kufika uko, foni inathima n'kuyakanso, ikupereka moni ngati yatsopano.

"Yapepuka," anatero. Anaisolola m'kathumba kake ka nsalu, n'kuipukuta pamalaya. Kathumbako anamuponyera mtsikanayo pamiyendo. "Chako ndi ichi. Usamati sitinakugawire."

Azakhali ndi msuweni anatulutsa makina aja, akukangana za mtengo wa galimoto yonyamula. Azakhali anabwereranso kudzatenga thumba la zovala, n'kunena kuti kiyi aisiye pawindo akamapita, ndipo kupitako kusapitirire mawa.

M'nyumba munatsala mpando umodzi ndi tizidutswa ta nsalu pansi. Mtsikanayo anakhala pomwe anagwada paja, akutembenuza kathumbako. Anakazindikira. Kanasokedwa ndi nsalu ya yunifomu yake ya kupulayimale, yobiriwira, imene ankayesa kuti inatayidwa kalekale. Mkati munali kathumba kena kakang'ono, kotseka ndi batani.

Anatulutsamo kapepala kaja.

Anakang'amba m'kope tsiku lija basi ikuliza hutala, koma tsopano sikanalinso kong'ambika. Atelala anakamata pansalu yolimba, n'kukapinda m'mbali monse ndi msoko wowongoka, waung'onoung'ono, umene ankasungira madiresi aukwati okha. Pakati, pamene panali kachithunzi kaja, inki inali itafufutika. Panatsala dontho lakuda la mafuta a makina, lozungulira, kukula kwake ngati chala chachikulu cha munthu amene ankayamba wayeserera papepala asanakhudze foni, kuopa kulakwitsa.

Mtsikanayo anaika chala chake pomwepo. Chinachepa. Anadinabe, n'kutsegula pakamwa, koma anangokhala chete, monga amachitira munthu podikira kuti wamkulu amalize kulankhula.