Opaleshoni ya Eliness Inadikira Kupakwashe

Eliness Chimkono ankayendetsa chigalimoto chonyamula miyala pa mgodi wina waung'ono ku Gadzema, m'dziko la Zimbabwe. Anali mkazi yekhayo pa ntchitoyo, ndipo ankaidziwa bwino. Koma chigalimotocho chikamadumpha m'maenje, msana wake unkachita ngati uthyoka. Mabere ake anali aakulu kuyambira ali mtsikana, ndipo atabereka ana atatu analemera kwambiri moti zingwe za kamisolo zinamukumba mapewa. Nyengo yotentha, kunsi kwa mabereko kunkatuluka zilonda.

Atamusiyitsa bere Nyasha, mwana wake womaliza, ananyamuka kwawo ku Ingezi, ku Kadoma, limodzi ndi mwamuna wake Horace, kukaonana ndi dokotala wochepetsa mabere ku Harare. Dokotalayo anali mayi wamfupi wosazungulira polankhula. Anamuyeza, kenako anafinya bere pang'ono. Kadontho koyera kanatuluka.

"Mkaka ukadalimo," anatero dokotalayo. "Ndikadula panopa, bala likhoza kuchita mafinya. Komanso maberewa akadali kuphwa, sanakhazikike. Mkaka uume kaye, kenako papite miyezi ingapo. Ndipo muganize bwino, mayi. Mukadzaberekanso, kuyamwitsa kukhoza kudzavuta."

"Atatu akwana," anayankha Eliness. Horace anavomereza ndi mutu mofulumira kwambiri mpaka dokotalayo anaseka.

Anagwirizana kuti opaleshoni idzachitike mu Ogasiti. Eliness anabwerera ku Ingezi mtima uli m'malo. Amayi ake okha, amene ankakhala nawo pakhomopo, ndiwo sanakondwe. "Chimene anakupatsa Mulungu ukapereke ku mpeni?" anafunsa.

Mvula isanathe, mng'ono wake Mwaiwawo, amene anakwatiwa ku Chegutu, anabereka mwana wamwamuna pa opaleshoni. Bala linavuta, thupi linatentha, ndipo anamugoneka m'chipatala osadziwa kanthu. Mwanayo, amene anamutcha Kupakwashe, anatsala m'manja mwa bambo ake, Admire. Anamuyesa mkaka wa m'chitini koma ankangosanza. Anasintha mtundu, anasanzabe.

Eliness anafika kuchipatalako masana atavala ovolosi, fumbi la ku mgodi likadali m'tsitsi. Anapeza Admire atakhala pabenchi, mwana akulira ndi mawu osasa. Admire ndi Mshona, Chichewa amangochimva. Atamuona Eliness, anaimirira.

"Maiguru," anatero, monga mmene Ashona amaitanira mkulu wake wa mkazi wawo, "ndichite chiyani ine?"

Eliness anamulandira mwanayo. Kulira kuja kutamulowa m'khutu, anamva mabere akuchita nyerenyesi, monga ankachitira Nyasha akalira. Ankadziwa bwino zimene dokotala wa ku Harare ananena. Kenako anapita kwa nesi.

"Ndamusiyitsa wanga posachedwa. Mkaka sunaume wonse. Ndingamuyamwitse?"

Nesiyo anamuyang'ana kuyambira ku nsapato zazitsulo mpaka kumaso. "Tiyeze kaye magazi," anatero. Magazi anapezeka kuti ali bwino. Anamupatsa mpando kuseri kwa katani, namuuza kuti asataye mtima, poyamba mkaka udzatuluka wochepa, koma mwana akamakoka udzabwera.

Unabweradi. Masiku oyamba anali ovuta. Mwana ankakoka, n'kulira, n'kukokanso, ndipo nsonga za mabere zinang'ambika. Koma pang'onopang'ono Kupakwashe anayamba kumeza momveka, n'kugona chibakera chili pachifuwa cha Eliness.

Eliness anaimbira foni dokotala uja. "Za Ogasiti zija zalephereka," anatero, n'kufotokoza zonse.

"Ndiye tidzayambiranso kudikira mukadzamusiyitsa ameneyo," anayankha dokotalayo. "Msanawo mupirira nawo?"

"Ndapirira nawo kuyambira ndili ku sekondale. Chaka china sichindipha."

Mwaiwawo anachira, koma mkaka wake unkatuluka madontho chabe. Choncho Eliness anasamukira ku Chegutu, poti ndi kufupi ndi Gadzema, n'kumabwerera ku Ingezi Loweruka. Horace anatsala ndi ana atatu ndi apongozi ake, ndipo anaphunzira kuluka tsitsi la atsikana, ngakhale mizere yake inkakhota. M'mawa Eliness ankayamwitsa, n'kufinyira wina m'kapu, kenako n'kukwera kombi, minibasi yopita ku mgodi. Ku mgodi mabere ankadzaza mpaka ovolosi kunyowa. Amuna anzake a pantchito poyamba ankayang'ana kumbali, koma atamva nkhani yake anayamba kumusiyira malo a pamthunzi pa nthawi ya chakudya.

Tsiku lina Mwaiwawo anamupeza atagona chafufumimba pasimenti, akubuula ndi msana. Anagwada pambali pake n'kuyamba kulira.

"Achemwali, ndakuonongerani zonse."

"Usalire, undiponde pamsanapa," anatero Eliness. "Pamwamba pang'ono. Eya, pomwepo."

Kupakwashe ananenepa, anayamba kudya phala, kenako anaima n'kuyenda. Atamusiyitsa bere, banja lonse linasonkhana ku Ingezi, Admire atabweretsa mbuzi. Ali mkati modya sadza, nsima ya kumeneko, amayi ake a Eliness ananyamula mdzukulu wawoyo n'kumuonetsa kwa onse.

"Waona, Eliness? Ukanadula, uyu tikanamuika m'manda. Mulungu anali ndi chifukwa. Tsopano za mpeni zija uziiwale."

Eliness anasamba m'manja, n'kuwayang'ana amayi ake mwaulemu.

"Amayi, mukunena zoona, anali ndi chifukwa. Maberewa alera ana anayi, ndipo sindichita nawo manyazi. Koma ntchito yawo yatha. Msanawu nawo ndi wa Mulungu yemweyo, ndipo anawa akufuna mayi woyenda chilili."

Amayiwo anangoti "Hmm," n'kumupatsa mwana nyama.

Eliness anadikira mkaka uume. Anadikiranso miyezi imene dokotala ananena, osachita phuma. Atapitanso ku Harare, dokotala anafinya, osatuluka kanthu. "Tsopano nthawi yakwana," anatero. Mwaiwawo ndiye anamuperekeza ndi kumudikirira pakhomo la chipinda cha opaleshoni. Eliness atatsitsimuka, mabandeji atamumanga chifuwa chonse, anapuma mpweya wambiri, n'kudabwa kuti nthiti zikukwera popanda chozipsinja.

Kunyumba sankaloledwa kukweza manja kapena kunyamula kanthu. Amene ankamusambitsa anali amayi ake. Ankabwera ndi beseni la madzi ofunda, n'kumupukuta mosamala kuzungulira mabala.

Tsiku lina masana, Eliness ali chigonere, anamva mayi Lois, oyandikana nawo nyumba, akufunsa kuseri kwa mpanda. "Tamva kuti mwana wanu wakadulitsa mabere. Zoona zimenezi?"

"Zoona," anayankha amayi ake, mokweza kuti msewu wonse umve. "Anayamba wayamwitsa ake atatu, n'kupulumutsa wa mng'ono wake, uku akuyendetsa chigalimoto chimene amuna anu sangachilize n'komwe. Anadikira mpaka adokotala atanena okha kuti bwerani. Mwana wanga ameneyo. Muli ndi funso lina?"

M'chipindamo Eliness anaseka, n'kugwira mabandeji kuti ulusi usaduke. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, anaongoka, n'kutuluka panja kukawapatsa moni mayi Lois.